Anabwera ngati othawa kwawo pomwe anabadwira konkuno: nkhani ya mayi wina ndi dimba la amayi ake ku Nsanje

Nkhaniyi ndalembera anzanga omwe timagwira ntchito ndi anthu othawa kwawo kuno kuchigwa, chifukwa ndikudziwa kuti si ine ndekha amene ndakumana ndi ya mtundu uwu. Maina sinditchula, mudzi sinditchulanso, ndingoti ndi mudzi wina wa kumunsi kwa Nsanje boma kufupi ndi mtsinje. Mayiwo anavomera kuti ndilembe bola dzina lawo lisaoneke paliponse.

Mwachidule nkhani yake ndi iyi. Mayi wa zaka 35, ana atatu, anaoloka Shire pa bwato kumapeto kwa December 2024 pamodzi ndi anthu ena ambirimbiri ochokera ku Morrumbala m'dziko la Mozambique, nthawi ija zipolowe zinabuka ku Mozambique khoti loona za malamulo a dziko litatsimikiza pa 23 December kuti Daniel Chapo wa Frelimo ndi amene wapambana chisankho cha pa 9 October, otsatira Venâncio Mondlane nkukana zotsatirazo. Anagona kaye pa sukulu ina ya pulayimale, kenako anawasamutsira ku kampu ya Nyamithuthu, ndipo analembedwa ngati munthu wa ku Mozambique wopempha chitetezo. Mpaka apa palibe chachilendo. Chachilendo nchakuti mayiwa anabadwira ku Nsanje konkuno mu 1989, amayi awo anali a m'mudzi womwe ndikunenawu, ndipo pamene anzawo ambiri amakwera mabwato kubwerera kwawo mu March 2025 iwo anati ayi, ine kwathu nkuno, ndikupita kwa amalume.

Zinayambira patali

Kuti mumve bwino pakufunika tibwerere m'mbuyo pang'ono, achinyamata ena omwe mwayamba ntchitoyi posachedwa mwina simukudziwa kuti Nyamithuthu sinayambe dzulo. Nkhondo ya Frelimo ndi Renamo inayamba mu 1977 koma anthu anayamba kusefukira kuno kwenikweni cha mu 1986, ndipo pofika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 Malawi imasunga othawa nkhondo oposa 1 miliyoni. Ku Nsanje kuno alendowo anachuluka kuposa eni mudzi. Kunali makampu ku Nyamithuthu, ku Mankhokwe, ku Tengani, ku Chikwawa kunali Kunyinda, koma ambiri sanakhale m'kampu ayi, anangolowa m'midzi mwa abale awo poti Chisena nchimodzi, mitundu ndi yomweyo, maliro amaikira limodzi kuyambira kale malire asanajambulidwe.

Bambo a mayiwa anali mmodzi wa amenewo. Anachokera mbali ya Mutarara ku Mozambique kufupi ndi mlatho wa Dona Ana, anafika kuno ali mnyamata, khadi ya chakudya anali nayo ya m'kampu koma amakhala m'mudzi kumapha nsomba ndi kugwira maganyu m'madimba, kenako anakwatira mkazi wa m'mudzimo. Pa 4 October 1992 Joaquim Chissano wa Frelimo ndi Afonso Dhlakama wa Renamo atasaina pangano la mtendere ku Rome anthu anayamba kubwerera, ambiri mwa okha osadikira malole a UNHCR, bungwe la United Nations loona za othawa kwawo, bambo amapita kaye kukaona ngati munda ulipo komanso ngati njira ilibe mabomba okwirira, kenako nkudzatenga banja. Pofika 1995 anthu pafupifupi 1.7 miliyoni anali atabwerera ku Mozambique kuchokera m'maiko onse oyandikana nawo. Banja lathuli linanyamuka mu 1994, mwanayo ali ndi zaka zisanu. Amayi ake pochoka anasiya dimba lawo m'manja mwa mchimwene wawo, ndipo mawu omwe aliyense wamkulu m'mudzimo amawakumbukira mofanana ndi akuti "muzindisungira". Sanagulitse, sanapereke, anati muzindisungira. Panalibe pepala, ndani amalemba pepala ndi mchimwene wake nthawi imeneyo.

Amayiwo anamwalirira ku Mutarara komweko patapita zaka, bambonso anatsatira, mwana anakula nkukwatiwa ku Morrumbala. Kuno amabwera pa maliro basi, ndiye mwa apo ndi apo, komaliza anabwera pa maliro a agogo awo aakazi.

Mmene inandipezera

Inabwera kudzera kwa a nyakwawa a m'mudzimo, omwe anandiimbira foni kuti kuli mayi wachoka ku kampu wafika ndi ana ndipo pakhomo pa amalume ake pavuta. Nditafika ndinapeza kuti amalumewo ndi okalamba kwambiri, maso sakuona bwino, ndipo iwo analibe vuto, anamulandira nkulira kuti mwana wa mlongo wanga wabwera. Vuto linali ana awo aamuna awiri, asuweni a mayiwa, omwe akhala akulima dimba lija kuyambira ali anyamata, chimanga cha m'chilimwe, mbatata, nyemba, maungu, ndipo ndi dimba limeneli lomwe amalipirira ana awo sukulu. Mayiwa ndi ana awo amagona m'kakhitchini ka udzu, chakudya amapatsidwa koma mwa njira yoti munthu uzidziwa kuti sukufunika.

Wamkulu wa asuweniwo anandiuza mosabisa kuti "abwana, ife sitikukana kuti ndi m'bale wathu, koma boma lamulemba kuti ndi wa ku Mozambique, anzake apita, iye akutsalira chani? Zaka 30 dimba talima ife, madzi akabwera timavutika ndi ife." Ndipo kunena zoona ine sindinamuone ngati munthu woipa. Amene mumadziwa chigwa chino mukudziwa kuti dimba ndiye moyo, kumtunda mvula ikakana mapira ndi mchewere zimapsa, anthu nkumakumba nyika m'dambo, amene ali ndi dimba lonyowa ndi amene amadya. Kumuuza munthu kuti gawa dimba nkumuuza kuti gawa nkhokwe.

Za mapepala

Apa ndi pomwe panatitengera nthawi. Mayiwa anali ndi khadi yovotera ya ku Mozambique ndi kapepala ka kalembera wa ku kampu, zonse zikunena kuti ndi mlendo. Chitupa cha unzika cha kuno analibe poti kalembera wamkulu wa mu 2017 uja anachitika iwo ali kutsidya. Malamulo athu amati mwana wobadwa kwa mayi kapena bambo wa ku Malawi ndi nzika, ndipo pano anasinthidwanso moti munthu utha kukhala ndi unzika wa maiko awiri, ndiye pa lamulo mayiwa anali ndi poyambira, koma lamulo limafuna umboni, ndipo umboni wa mwana wobadwira pakhomo mu 1989 m'mudzi wodzaza ndi othawa nkhondo suupeza mu kabati.

Chomwe chinatithandiza ndi zinthu ziwiri zomwe sindimaziganizira n'komwe poyamba. Choyamba mayiwa anali ndi kathumba ka pulasitiki komwe anathawa nako atakamanga m'chitenje, mkatimo munali khadi ya sikelo ya ali mwana, yothimbirira, yong'ambika m'mphepete, inki itafalikira ndi chinyezi koma dzina la amayi awo, dzina la mudzi ndi chidindo cha chipatala cha kuno zimawerengeka, ngakhale timadontho ta kulemera kwa mwana mwezi ndi mwezi timaonekabe. Anati amayi awo anawapatsa atatsala pang'ono kumwalira nkuwauza kuti usadzataye. Chachiwiri ndi kaundula wa ubatizo ku parishi, komwe tinapeza dzina lawo, la amayi awo, la bambo awo komanso la mayi amene anawaimira pa ubatizo, ndipo mwamwayi mayi ameneyo akadali moyo m'mudzi woyandikana nawo. Anzanga, mukakumana ndi nkhani ngati iyi thamangirani ku tchalitchi kapena ku mzikiti musanapite kwina kulikonse, makaundula a kumeneko amasungidwa bwino kusiyana ndi a malo ambiri omwe madzi osefukira analowamo.

Ndi zimenezi a nyakwawa analemba kalata, a gulupu anadinda, a T/A anadindanso. Ku ofesi ina komwe tinapita nayo anatibweza kangapo, ulendo wina akuti wosaina kulibe, ulendo wina akuti munthu sangakhale wothawa kwawo ndi nzika nthawi imodzi ndiye ayambe wafufutidwa kaye uku, titapita kofufutitsako akuti bweretsani kaye umboni woti ndi nzika. Mayi wa ana atatu wopanda ndalama ya kabaza sangakwanitse kuzungulira chonchi yekha, akanangosiya nkukhala mobisala ngati mmene anachitira anthu ambiri omwe anatsala mu 1994, omwe ena mpaka lero zidzukulu zawo zimavutika kupeza chitupa.

Za dimba

Ine ndinakana kuti nkhaniyi ipite ku polisi kapena ku khoti ngakhale ena amandilangiza choncho. Mayiwa akanatha kupambana pa pepala koma nkukhala m'mudzi momwe palibe womupatsa moto, ndipo tsiku lomwe madzi adzabwere usiku amene adzamunyamulire ana pa bwato ndi asuweni omwewo. Ndiye tinapempha a nyakwawa kuti aitanitse bwalo. Lamulo la malo a makolo la 2016 limakamba za makomiti a malo okhala ndi amayi osachepera atatu, koma m'mudzi muno zimenezo zinali zisanakhazikike bwino, ndiye tinangopempha kuti amayi akuluakulu a m'banjamo akhalepo ndipo alankhule, asangokhala kumbuyo pa mphasa.

Pabwalo panatuluka mfundo yomwe inasokoneza onse. Asuweni amati ife timatsata mwambo wa Chisena, mkazi akalowoledwa wapita ndipo ana ndi a kwa bambo, ndiye mwana wa azakhali athu malo ake ali ku Mutarara. Amayi akuluakulu aja anati ayi, dimba ili linachokera kwa agogo aakazi omwe anali a Chimang'anja, ndipo linapatsidwa kwa mwana wamkazi mwadala. Kuchigwa kuno mabanja ambiri ndi osakanikira choncho, ndipo ndaona kuti aliyense amakumbukira mwambo womwe ukumukomera tsiku limenelo. Anakangana mpaka dzuwa kutentha, anthu nkumasuntha mipando kutsata mthunzi wa mtengo.

Amene anathetsa mkangano ndi amalume aja. Anawagwira dzanja nkuwaimiritsa, ndipo anati "amfumu, ine ndatsala pang'ono kupita, mlongo wanga ndikakumana naye kumeneko, akandifunsa kuti dimba lija munandisungira ndikayankha chani? Ana anga alima, adya, akula nalo, sindikuwalanda, koma si langa." Mayi wa pa ubatizo uja anaonjezera kuti mchombo wa mwanayu unakwiriridwa kuseri kwa nyumba yakale ya agogo ake ndipo iye analipo. Zitatero asuweni sanayankhenso za mwambo, anayamba kukamba za kukula kwa malo, ndipo apa ndinadziwa kuti nkhani yasintha, tayamba kukambirana zogawana.

Koma titapita ku dimbako tinapeza vuto lina lomwe bwalo silingaweruze. Dimba lomwe amayi aja anasiya mu 1994 si lomwe lilipo lero. Madzi a mu 2015, a namondwe Idai mu 2019, a namondwe Ana mu 2022 ndi a namondwe Freddy mu 2023 anasintha malo onsewo, mbali ina inadyedwa ndi mtsinje, mbali ina inakwiririka ndi mchenga woyera woti ukakumba mpaka m'chigongono sunapezebe dothi, ndipo mbali ina yomwe ili yachonde pano ndi yomwe asuweni anathyola okha bango litaphwa madzi. Mtengo womwe unali malire unapita kalekale. Ndiye funso loti dimba la amayi ake likuyambira pati ndi kuthera pati linalibe yankho, akuluakulu atatu analoza malo atatu osiyana.

Zomwe anagwirizana ndi izi: mayiwa apatsidwe chigawo cha dothi lonyowa chokwanira kudyetsa ana awo, chocheperapo kusiyana ndi chomwe amayembekezera, kuphatikizapo mbali ya mchenga ija yomwe mwina ingabale mbatata, a nyakwawa awapatse malo omanga nyumba kumtunda komwe madzi safika, ndipo zokolola zomwe zinali kale m'dimbamo chaka chimenecho zikhale za asuweni zonse. Tinapima ndi chingwe, tinakhoma zikhomo, tinalemba pepala la Chichewa nkuliwerenga mokweza pamaso pa onse, osaina anasaina, odinda chala anadinda, makope atatu, limodzi kwa amfumu, limodzi kwa mayiwa, limodzi kwa asuweni. Ndinaumirira kuti papepalapo palembedwe kuti mtsinje ukadzasinthanso malo adzagawananso mwa muyezo womwewo, chifukwa zikhomo zija Shire sazilemekeza ndipo sindikufuna mayiwa adzayambirenso bwalo pakutha pa zaka ziwiri.

Kodi chinali chilungamo chonse? Ine ndikuona kuti mayiwa analuza ndithu gawo lina, ndipo mnzanga wina wa zamalamulo anandiuza kuti ndinawafewetsa. Koma mayiwa atafunsidwa paokha, asuweni palibe, anati bola pang'ono pomwe ndilime mwamtendere, ndipo chisankho chinali chawo.

Ana

Izi sindichedwapo. Aang'ono awiri analowa sukulu popanda vuto lalikulu poti Chisena amalankhula ndipo Chichewa anachitola msanga. Wamkulu, mnyamata wa zaka 13, ndi amene anavutika, kwawo amaphunzira m'Chipwitikizi ndipo anali patali ndithu, kuno anamubweza makalasi awiri chifukwa cha Chingerezi, anzake nkumamuseka kuti ndi mkulu komanso kumutchula maina a kutsidya. Anayamba kujomba nkumapita ku dooko kukathandiza asodzi. Tinakambirana ndi aphunzitsi ake, mmodzi anadzipereka kumamuthandiza masana, masamu amakhoza kuposa onse m'kalasimo ndiye pang'onopang'ono anayamba kupeza ulemu, koma sindinganene kuti wakhazikika.

Bambo a ana

Apa ndi pomwe nkhani inakhota. Tsiku lothawa lija bamboyo sanali pakhomo, anali ku msika komwe amagulitsa katundu, sitolo zikuotchedwa aliyense anathawira kwake, ndipo kwa miyezi mayiwa samadziwa ngati ali moyo. Chimenechi nchifukwa chimodzi chomwe anakanira kukwera bwato mu March, anati ndikafikira kwa ndani, nyumba anaphwasula, katundu anatenga. Kudzera mwa anzathu omwe amafufuza abale otayana komanso amalonda omwe amaoloka tsiku ndi tsiku, zinadziwika kuti bamboyo ali moyo, anathawira kwa abale ake mkati mwa chigawo cha Zambezia ndipo wabwerera ku Morrumbala. Anaimba foni. Chimwemwe chinalipo, ana analira, koma pasanathe nthawi anayamba kunena kuti mkazi wanga ndinalowola, ana ndi anga, abwerere.

Asuweni atamva anadzukanso, amvekere mwaona, mwamuna alipo, ndiye dimba la chani. Ndinawakumbutsa kuti pepala lija silinanene kuti mayiwa apatsidwa malo chifukwa ndi wamasiye, linati chifukwa ndi mwana wa mwini dimba, ndipo a nyakwawa anagwirizana nane. Mukamalemba mapepala otere samalani chifukwa chomwe mukulembapo, mukalemba kuti tamupatsa pomumvera chisoni ndiye kuti chisoni chikatha malonso atha.

Bamboyo anaoloka kudzakambirana, tinakhala pansi ndi ankhoswe a mbali zonse. Si munthu wankhanza, ndinafunsa mayiwa paokha mobwerezabwereza za nkhanza ndipo anati ayi sanandimenyepo, kungoti iye akuopa kuti akakhala kuno adzakhala mkamwini wopanda mawu, pomwe mkaziyo akuti ine ndathawa kokwanira, amayi anga anandinyamula kuchoka kuno ndili ndi zaka zisanu, ine ndanyamula anga kubwera kuno, sindikufuna mwana wanga wamkazi adzanyamulenso ake. Anawauza amuna awo pamaso pa ankhoswe kuti "bambo a ana, ukwati sindikukana, koma phazi limodzi likhale kuno."

Ndipo ndi zomwe zikuchitika. Mafomu athu amafuna tilembe chimodzi, wabwerera kapena wakhazikika kuno, koma banjali likuchita zonse ziwiri monga mmene mabanja ambiri a m'mbali mwa Shire akhala akuchitira kuyambira nthawi ya nkhondo ija, bambo akumanganso nyumba ndi bizinesi kutsidya, mayi akulima kuno, bwato likuyenda pakati. Kwa amene amalemba malipoti a ku likulu izi zimaoneka ngati chisokonezo kapena ngati anthu akufuna kudya mbali ziwiri, koma munthu amene anaona 1986 ndi 2024 ali ndi chifukwa chomveka chosaikira zonse mbali imodzi.

Pomwe tili pano

Nyumba ya kumtunda yamangidwa, ya zidina zosaotcha, denga la udzu ndi pulasitiki yomwe anachoka nayo ku kampu. Mayiwa akolola kamodzi chimanga ndi mbatata pa chigawo chawo, ndipo msuweni wamng'ono ndi amene anawabwereka mbewu, wamkuluyo amapereka moni koma sanafikebe pakhomopo. Amalume anamwalira miyezi ingapo bwalo litachitika, mayiwa anaphika nawo pa maliro ngati mwana wa pakhomo ndipo palibe anadandaula. Fomu ya chitupa inalandiridwa pamapeto pake, tikudikira kuti chituluke, za ana tidzayamba chikatuluka cha mayi awo. Mnyamata wamkulu uja bambo ake akufuna apite akapitirize sukulu ku Morrumbala m'Chipwitikizi komwe anali patsogolo, mayi ake akukana, iye mwini akuti akufuna kupita koma azibwera pa holide, ndipo ankhoswe agwirizana kuti akumanenso teremu ino ikatha kuti amve kwa mwanayo pamaso pa makolo onse awiri.